Chipepeso cha Maliro Amene Kunalibe

Pa Boma, Mchinji
Loweruka masana

Tamanda mwana wanga,

Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikutaipira anthu makalata mu kashopu kano, ofunsira ntchito, odandaula za malire a munda, ena mpaka ofunsira mbeta, koma yako ino ndikulemba pamanja. Mawa ukupita ku koleji. Milungu inayi tsopano sukundiyankhula, kupatula "mwadzuka bwanji" wouma uja umandiponyera uli chotembenuka. Sindikukudzudzula ayi, wolakwa ndine. Khala pansi uwerenge mpaka kumapeto, ndipo usadumphe mizere ngati mmene umachitira ndi mauthenga anga a pafoni.

Ndiyambe ndi chimene chikukupweteka. Ndalama zako za mtedza, zija unalima wekha ku munda wa malemu bambo ako kwa Mavwere n'kundisungitsa mu foni yanga kuti udzagulire laputopu ya kusukulu, ndinazigwira. Ndinatengapo K200,000 osakuuza, ndipo munthu anandibera. Tsiku lija unandifunsa kuti tipita liti ku Lilongwe kukagula laputopu, ine n'kukuzazira kuti, "Kodi ukuyesa ndalama ndimazipanga pa makina a fotokope?", n'kuti ndalamazo zitapita kale. Iwe unangoti, "Chabwino amayi," n'kutuluka. Sunalakwe kufunsa, zinali zako. Ndikuuza mmene zinayendera, chifukwa kumene ukupitako anthu otere ndi ambiri kuposa kuno, ndipo bola uphunzire pa uchitsiru wa mayi ako kusiyana ndi kukagula wako.

Zinayamba ndi nsanje, ndisabise. Ukudziwa kuti chaka chino anthu a maukwati andithawa. Shopu yatsopano ija ya kuseri kwa msika ikuwakonzera makadi a maluwa opiringizana, akwati atakhala mkati mwa mtima, pamene anga amaoneka ngati chidziwitso cha msonkhano wa makolo kusukulu. Mayi wina wa kumpingo kwathu, yemwe ndinamusindikizira timapepala ta maliro a amuna ake ulere, anandidutsa pakhomo pano makadi a ukwati wa mwana wake atawabisa m'chitenje. Zinandiwawa, Tamanda! Nditafufuza ndinamva kuti chinsinsi chawo ndi sofitiweya, pulogalamu ya mukompyuta yokonzera makadi, koma yatsopano mtengo wake ndi wa ng'ombe. Ndiye pa gulu lathu la pafoni, la ife a mashopu osindikiza, panagwa uthenga: munthu watseka shopu yake ku Chipata, akugulitsa sofitiweya yomweyo ya kaunjika pamodzi ndi kiyi wake, manambala aja otsegulira. Ine kuwerengera msangamsanga: maukwati anayi okha ndalama za mwana zabwerera, iye sadziwa n'komwe. Mawu amenewo, "sadziwa n'komwe", ukadzawamva mumtima mwako uli ndi chinthu cha mnzako m'manja, udzachisiye pomwepo. Ku koleji anzako adzakusungitsa zinthu chifukwa nkhope yako ndi yodalirika. Chosungitsidwa si chako, ngakhale wokusungitsayo akhale mwana wobala wekha. Ine ndinaziiwala zimenezi Lachiwiri lija, n'kuimba foni.

Munthu wake, Tamanda, aulemu ake! Mawu ofatsa, Chinyanja cha m'malire chija chokoma m'khutu. Tisanafike pa mtengo anandifunsa mfunda wanga, ine ndinati ndine Nambewe. Iye kukuwa, "Aa! Ine ndine Mbewe! Agogo anga ndi a kwa Mlonyeni. Ndiye ndinu alongo anga, inu sindingakudyereni." Mpaka anatsitsa mtengo chifukwa cha chibalecho. Mumtima ndinali nditakonza zomufunsa lisiti limene anagulira sofitiweyayo, ndiponso zoti ndilipire theka kaye, theka linalo ikagwira ntchito mwezi wathunthu. Koma mlongo wako umamufunsa lisiti? Sindinafunse. Ndipo iwe unali pomwepo, pa benchi panja, ukuwerenga, iwe wodziwa makompyuta kuposa ine kutalitali. Ndikanangoti, "Tamanda, taona ichi," bwenzi utandiuza kuti kiyi wa munthu mmodzi sagulitsidwa ngati malaya. Koma ndikanayambira pati, ndalama zake zili zako? Komanso kunyada, ine mwini shopu kufunsa mwana! Ukumva, Tamanda? A Mbewe adzadza dziko lonse lino mpaka kutsidya kwa malire, abwino ndi akuba omwe. Ukakumana naye mupatse moni wachibale, koma pa malonda funsa lisiti, ndipo wolungama sangakwiye nazo. Ine ndinadina foni, ndalama zinapita, iye n'kunditumizira kiyi uja.

Masiku atatu inagwira ntchito bwinobwino. Ndinakonza khadi limodzi lokongola moti ndinkangoliyang'ana. Tsiku lachinayi m'mawa nditatsegula kompyuta, sofitiweya ija inakana kutseguka, n'kulemba kuti kiyi ameneyu ndi wosaloledwa. Ndinamuimbira mlongo wanga uja. Anayankha ndi mawu otsika, kumbuyo kwake kukumveka amayi akuimba nyimbo ya maliro. "Alongo," anatero, "ndili pa zovuta, amayi atisiya. Tikangoika ndikutumizirani kiyi wina." Ine kugwira pakamwa. Mkwiyo wonse zii! Ndinayamba, "Pepani alongo, pepani kwambiri, anadwala nthawi yaitali?" Ndiye tamva ichi, mwana wanga, ndipo seka ngati ukufuna, chifukwa ena anaseka kale. Popanda wondikakamiza, ndi pakamwa pangapa, ndinamufunsa kuti chipepeso ndingatumize pati. Ndikuganiza kuti nayenso anadabwa. Kenako anati, "Foni yangayi ikutha moto, tumizani pa nambala ya akazi anga, ndi amene akulandira." Ndinatumiza K5,000, n'kulemba kuti Mulungu awatonthoze.

Kenako ndinadikira monga tinaleredwera. Kwathu kuno munthu ali pa siwa sitimukumbutsa za ndalama, ukudziwa iwenso. Ndinawerenga tsiku loika, tsiku losesa, ndinamupatsanso masiku akuti abale abalalike. Masiku asanu ndi atatu! Nditaimba tsiku lachisanu ndi chinayi nambala ija inali itazima, ndipo pa gulu lathu uthenga wake unali utafufutidwa. Kunalibe maliro, Tamanda. Nyimbo ija ayenera kuti ankaiseweretsa pa wailesi. Sindikuti usiye mwambo, ayi ndithu. Kumaliro uzipita, chipepeso uzipereka, mnzako wa m'chipinda akaferedwa umuperekeze mpaka kwawo. Koma ndalama zotumiza pafoni zili ndi nthawi yake. A kampani ya ndalama za pafoni anandiuza pambuyo pake kuti ndikanawaimbira tsiku lomwelo, mwina akanazipeza zisanatapidwe zonse. Ukhoza kunena pepani ndi mtima wonse, n'kukapereka dandaulo tsiku lomwelo, ziwirizi sizilimbana. Wakuba uja ankadziwa bwino kuti mayi wa ku Mchinji adikira, ndipo ndinadikiradi.

Masiku otsatirawo ndi amene ndinakuzazira. Manyazi ndi oipa, mwana wanga, amakusandutsa galu woluma a pakhomo pomwe. Ndinkadya osamva kukoma, kutchalitchi ndinkangotsegula pakamwa. Ndinafika poganiza zofufuta mauthenga onse a munthu uja, kuopa kuti tsiku lina ungagwire foni yanga n'kuwaona. Anandipulumutsa ndi mayi Asiyatu, ejenti wa ndalama za pafoni wa khomo loyandikana nafeli. Anandiyang'ana m'mawa wina n'kunena kuti, "Amake Tamanda, mwaonda ngati mwayamba kusala Ramadani isanafike, chikhalirecho si yanu. Chavuta n'chiyani?" Ndinati palibe. Anatseka kawindo kake, makasitomala ali pamzere, n'kundikokera mkati. Nditafotokoza sanaseke, sanandinyoze, anangofunsa kuti, "Mauthenga mwafufuta?" Ndinati ndimati ndifufute lero. "Mukafufuta ndikuswani ndi loko uyu! Umboni wanu ndi umenewo." Anandijambulitsa uthenga uliwonse, malonda ake aja amene mwamwayi ndinali nditawasunga, zimene tinkalemberana, makamaka uthenga wotsimikiza kuti ndalama zapita, umene umakhala ndi nambala yaitali ija ya malipiro. Zonse tinazisindikiza pa makina anga omwe. Kumbukira, Tamanda: ukaberedwa usafufute kanthu, ngakhale chikuchititse manyazi chotani, ndipo upeze munthu mmodzi womuuza tsiku lomwelo. Ine ndinataya masiku ena atatu ndikudzibisa.

Ukuganiza kuti apo ndinachenjera? Ayi, ndinakalakwitsanso ku ofesi ya kampani ya ndalama za pafoni. Ndinalowa ngati ndapita kwa apongozi. "Pepani ndakuvutitsani, mwina wolakwitsa ndine, munthuyo mwina ali pa mavuto." Mapepala aja ali m'chikwama, osawatulutsa. Mtsikana wa pa kauntala, wa msinkhu wako, analemba zimene anamva, zoti mayi uyu anatumiza ndalama molakwitsa. Patatha masiku awiri yankho linabwera: ndalama zinatapidwa kale, nkhani yatsekedwa. Mtsikana uja sanalakwe, ndinamupatsa nkhani yolakwika ndine. Mayi Asiyatu atamva anawomba m'manja. "Kodi munapita kukadandaula kapena kukapepesa? Inu amene mumalembera anthu makalata a milandu ya minda, yanu yakukanikani?" Mawu amenewo anandilasa. Ndinakhala pa kompyuta n'kulemba tsamba limodzi lokha: tsiku, ndalama zingati, nambala imene ndinatumizako, nambala ya malipiro, chimene anandilonjeza, chimene ndinalandira, ndi chimene ndikufuna. Pamwamba penipeni ndinalemba mawu amene pakamwa panga pankakana, akuti ndaberedwa. Ulemu ndinakuphunzitsa ndekha, usautaye, koma ulemu si kuchepetsa nkhani yako. Upereke moni, kenako unene chimene chachitika ndi dzina lake. Ulendo wachiwiriwu mtsikana yemwe uja anawerenga, n'kudzuka kukaitana bwana wake, ndipo anandiuza kuti nkhani ya kuba imafuna kalata ya kupolisi.

Kupolisi ndinapeza wapolisi wamkazi, wamkulu ndithu, wa magalasi. Anawerenga kalata yanga, kenako n'kuyamba kutembenuza mapepala a mauthenga aja limodzilimodzi. Za chipepeso sindinalembe m'kalatamo, ndinati zimenezo zikhale pakati pa ine ndi Mulungu. Koma chala chake chinaima. "Mayi, nanga K5,000 iyi, yopita ku nambala ina?" Ndinayankha chapansipansi. "Mwati chiyani?" Ndinati, "Chipepeso." Anavula magalasi, Tamanda, anaseka mpaka misozi. "Wakubayo munamupepesa?" Ine ndinkangofuna pansi patang'ambika ndilowe. Koma atapukuta m'maso nkhope inasintha. "Mayi, nambala imeneyi ndiye yofunika. Mukanaibisa bwenzi tikungotaya nthawi." Ndipo zinali zoona. Atafufuza ndi a kampani anapeza kuti nambala yoyamba ija inalembetsedwa ndi chitupa cha agogo ena amene anachitaya kalekale, ndipo munalibe kanthu. Koma yachiwiriyo inali ya mkazi wake weniweni, dzina lake lenileni, ikugwira ntchito, ndipo ndalama zina zochokera ku nambala yoyamba ija zinkathera kumeneko. Munthu anakonza bodza lake lonse bwinobwino, koma sanakonzekere kuti wina angamupatse chipepeso. Dyera la K5,000 linamugwetsa. Choncho ukamadandaula unene zonse, ndi zopusa zomwe, chifukwa sudziwa chimene chingawathandize. Ine chimene ndinkabisa kwambiri ndi chimene anachilemba ndi inki yofiira.

Usaganize kuti zinatha tsiku limodzi. A kampani anandipatsa nambala ya dandaulo langa, ndipo ndinailemba kuseri kwa Baibulo. Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse ndinkatseka shopu ola limodzi n'kupita ku ofesi yawo kuja. Iwe unkaganiza kuti ndikupita ku bungwe la amayi. Mlonda wa pakhomo anafika pondizolowera, akandiona ankati, "Amayi a chipepeso afika." Sindinakwiye, ndinkamupatsa moni n'kukhala pa mpando womwewo, mapepala anga pamiyendo. Nthawi iliyonse ndinkafunsa kuti nkhani ili pati, ndani akuigwira, ndibwerenso liti, n'kulemba mayankho. Osatukwana, osalira, koma osasowanso. Uzitero, mwana wanga, kaya ndi za mayeso, kaya za malo ogona: tenga nambala ya nkhani yako, dziwa dzina la amene wakuthandiza, bwereranso. Mlungu wachiwiri anandiuza kuti ndalama za mu nambala ya mkazi uja aziimitsa, sangathe kutapa.

Madzulo a tsiku lomwelo foni inalira, nambala yachilendo. "Alongo!" Mawu omwe aja, koma tsopano akunjenjemera zenizeni. "Alongo, tikambirane pachibale. Akazi anga sakudya, ana akulira. Kachotseni dandaulo lija, mawa lomwe ndikubwezerani zonse." Ndikuuze zoona, mtima unayamba kufewa. Ndinaganiza za anawo, amene sanabe kanthu. Ndinatsala pang'ono kunena kuti chabwino. Koma ndinakuona iwe pa zenera ukuchapa zovala zoti upite nazo, msana uli kwa ine, ndipo ndinamufunsa kuti, "Amayi aja munawaika bwino?" Sindinadikire yankho. Ndinati, "Bambo, ine mlongo wanga sanganamizire mayi ake imfa. Kambani ndi apolisi." N'kudula. Ndinamva kupepuka koyamba mwezi wonsewu. Udzakumana nawo anthu amene amakumbukira chibale akagwidwa. Uwachitire chifundo ngati ukufuna, koma dandaulo usachotse chinthu chako chisanabwerere m'manja mwako. Wapolisi uja anandiuza pambuyo pake kuti mayi a munthuyo ali moyo, amagulitsa tomato.

Zinapezeka kuti woberedwa sindinali ndekha, analiponso ena a mashopu ngati ine, ndipo awiri anatulukira atamva kuti ine ndadandaula. Ndalama zimene zinapezeka sizinakwanire tonse, choncho ine zanga zinabwera K160,000, Lachinayi lapitali. Uthenga utalowa ndinali ndikusindikiza mayeso a sukulu ina, ndipo ndinakuwa mpaka mayi Asiyatu anathamanga kuyesa makina andigwira dzanja. Zotsalazo akuti munthuyo azibweza kudzera kupolisi, kaya adzabweza kaya ayi. Sindinadikire zimenezo. Mayi Asiyatu akhala akunditumizira anthu amene aberedwa pafoni kuti ndiziwalembera makalata a dandaulo, ndipo ndi ambiri, Tamanda, aphunzitsi, alimi a fodya, mpaka abusa. Onse amalowa chozyolika ngati mmene ndinalili ine. Ndimayamba ndawauza za chipepeso changa, akaseka amamasuka, kenako amanena zawo. Makadi a ukwati andithawa, koma ntchito iyi ndikuidziwa, ndipo ndi imene yakwaniritsa zotsalazo.

Tsono za laputopu. Ukagule iwe mwini, ine ndaonetsa kale nzeru zanga pa zogulagula. Upite ndi mnzako wodziwa, uiyatse m'sitolo momwemo, uone batire, utenge lisiti lokhala ndi chidindo. Ku koleji adzabwera anyamata okoma pakamwa, "Asisi, ndili ndi sofitiweya yotchipa, ingotumizani kangachepe." Usatumize. Yamba wafunsa aphunzitsi ako, ndamva kuti zina ophunzira amapatsidwa ulere, zinanso ndi zaulere kale kwa aliyense. Ndipo chikadzakuchitikira chilichonse, kaya waberedwa, kaya walephera mayeso, kaya ndi zina zija atsikana amaopa kuuza amayi awo, undiimbire tsiku loyamba, osati lachisanu ndi chinayi. Ndikulonjeza kuti sindidzakuzazira. Ndingayambire pati, ine amene ndinapepesa wakuba? Ukapita uzidya, usamagone ndi njala chifukwa chosunga ndalama, ndipo juzi yobiriwira ija ndaiika pansi pa chikwama chifukwa ndikudziwa ukanaisiya dala.

Yang'ana mu foni yako. Ndalama zako zonse ndatumiza masana ano, osachotsapo ngakhale tambala, ndi ya kutapira yomwe ndaikapo. Koma pali chimene sindingathe kutumiza pafoni. Milungu inayi yomaliza ya mwana wanga pakhomo pano ndinaiwononga ndine. Unalima mtedza uja wekha, dzuwa likukuwotcha, anzako ali pa tchuthi, ndipo ine ndinakubwezera mawu oipa. Amayi anga sanandipepesepo, ndipo inenso sindinazolowere kupepesa mwana, mwina n'chifukwa chake ndathawira pa pepala. Ndinakulakwira, Tamanda. Pepa, mwana wanga, pepa ndithu.

Dzulo ndinakumva ukuuza mnzako pafoni kuti ku siteji upita wekha, sukufuna kuvutitsa munthu. Minibasi yoyamba inyamuka 6 koloko. Ine ndidzakhala nditavala kale, nditakhala pa khonde. Ngati mtima ukadali kuwawa, udutse, sindikuletsa, ndipo pemphero langa likutsata chimodzimodzi. Koma ngati wandikhululukira, usanene chilichonse, sindingathe kupirira mawu m'mawa wotero. Ungondipatsa chikwama chachikulucho ndisenze.

Ndine mayi ako,
Nambewe